Kodi Vuto Ndi Chimanga Kapena Ndi Muyezo? Kuunika Kafukufuku wa Chimanga cha Olenji ku Nyimba ndi ku Mkushi

Pa misonkhano ya alimi, pa masiku a chionetsero ndiponso m'minda ya chitsanzo, funso limodzi silisowa pamene mlangizi watulutsa chimanga cha olenji: kodi n'zoona kuti mwana wodya nsima ya chimanga chimenechi amapeza vitamini A m'thupi mwake? Funsoli si lachibwana. Mlimi wofunsayo amakhala akuganiza za ndalama za mbewu, za gawo la munda limene achotseko ku chimanga choyera, ndiponso za banja lake limene linazolowera nsima yoyera. Kwa ena nsima yachikasu imakumbutsa chimanga cha chithandizo cha m'zaka za njala. Mlimi akapatsidwa yankho lokokomeza, n'kudzamva zosiyana kwa azaumoyo, sadzakhulupiriranso mlangiziyo pa nkhani zina. Akapatsidwa yankho lofooketsa pamene chimangacho chili ndi phindu, otaya ndi ana ake.

Yankho la funsoli silipezeka m'munda. Limapezeka pa kafukufuku wa zachipatala, pamene ana amadyetsedwa chakudya kwa nthawi yoikika ndi kuyezedwa asanayambe komanso atamaliza. Kafukufuku wodziwika wa mtundu umenewu anachitikira ku Zambia, dziko limene m'chaka cha 2012 linavomereza mbewu za haibulidi za GV662A, GV664A ndi GV665A. Ntchito ziwiri ndizo zimatchulidwa kwambiri: ya m'boma la Nyimba, kum'mawa kwa dzikolo, imene zotsatira zake zinatuluka mu 2014, ndi ya m'boma la Mkushi, m'chigawo chapakati, imene zotsatira zake zinatuluka mu 2016. Wongomva mitu ya malipoti awiriwa angaganize kuti akutsutsana. La ku Nyimba likuti chimanga cha olenji chinagwira ntchito mofanana ndi vitamini A wopatsidwa ngati mankhwala. La ku Mkushi likuti chimangacho sichinakweze retinol, amene ndi vitamini A woyenda m'magazi. Kusiyanaku kwagona kwambiri pa chimene anayeza ndi mmene anayezera, ndipo malipoti onse awiri ali ndi malire amene nthawi zambiri amatsalira m'njira uthenga ukamafika kwa alimi.

Zimene zinachitika ku Nyimba

Kafukufuku wa ku Nyimba anachitidwa ndi akatswiri a University of Wisconsin-Madison, pakati pawo Bryan Gannon ndi Sherry Tanumihardjo, mogwirizana ndi National Food and Nutrition Commission ya Zambia ndi Tropical Diseases Research Centre ya ku Ndola. Ana 140 a zaka za pakati pa 5 ndi 7 anagawidwa mwamaere m'magulu atatu. Gulu loyamba linkadya chimanga choyera ndi kumwa mafuta opanda vitamini. Lachiwiri linkadya chimanga cha olenji ndi kumwa mafuta opanda vitamini omwewo. Lachitatu linkadya chimanga choyera koma mafuta ake anali ndi vitamini A. Kudyetsaku kunatenga masiku 90.

Ofufuzawo anayeza m'njira ziwiri. Yoyamba ndi yodziwika ija, ya kuchuluka kwa retinol m'magazi. Yachiwiri ndi yowerengera vitamini A yense wosungidwa m'thupi, pogwiritsa ntchito vitamini A wokhala ndi chizindikiro cha carbon-13. Njira yachiwiriyi inaonetsa kusiyana kooneka bwino: vitamini A wosungidwa anakwera ndi µmol 13 m'gulu loyamba, 84 m'gulu la chimanga cha olenji, ndi 98 m'gulu la vitamini A wa m'mafuta. Koma retinol wa m'magazi sanasinthe moti n'kusiyanitsa magulu atatuwa. Ngakhale ana amene ankamwa vitamini A weniweni tsiku ndi tsiku sanaonetse kusiyana pa muyezo umenewu.

Mfundo yomalizayi ndiyo yofunika kwambiri mu lipoti lonse, ngakhale kuti simveka kawirikawiri. Palibe amene amakayika kuti vitamini A wa m'mafuta amalowa m'thupi. Ngati muyezo walephera kuona ngakhale ameneyu, ndiye kuti kulephera kwake kuona phindu la chimanga sikunena kanthu za chimangacho. Gulu lachitatu lija linagwira ntchito imene mwala woyesera umagwira pa sikelo: linaulula kuti sikeloyo siyenda pa kulemera kwa mtundu umenewu.

Zimene zinachitika ku Mkushi

Kafukufuku wa ku Mkushi anatsogozedwa ndi Amanda Palmer ndi anzake a Johns Hopkins University. Anali wamkulu kwambiri poyerekeza ndi wa ku Nyimba. Ana oposa 1,000 a zaka za pakati pa 4 ndi 8 anatenga nawo mbali, ndipo maere anachitidwa pa magulu a ana a m'dera limodzi osati pa mwana mmodzimmodzi. Anawo ankadya zakudya za ufa woyera kapena wa olenji masiku 6 pa sabata kwa miyezi 6. Chimene ofufuza anasankha kuti chiweruze kafukufukuyu chinali retinol wa m'magazi.

Pamapeto pake, beta-carotene, chinthu cha m'chimanga cha olenji chimene thupi limasandutsa vitamini A, anakwera m'magazi a ana odya ufa wa olenji. Retinol sanakwere. Apa zikuoneka kuti pa muyezo wa retinol, Nyimba ndi Mkushi sakutsutsana konse: kuwiri konseko sanasunthe. Kusiyana n'kwakuti ku Nyimba kunali muyezo wina wofika pa nkhokwe ya thupi, pamene ku Mkushi chigamulo chachikulu chinatsamira pa muyezo umene sutha kufikako.

Ofufuza a ku Mkushi anayezanso maso a gawo lina la anawo, poona mmene kamwanadiso amachitira kuwala kochepa kukamufika mumdima. Vitamini A ndi wofunika kuti munthu aziona kukada, choncho muyezo umenewu uli pafupi ndi chimene kholo lingachione pa mwana. Anapeza kuti maso a ana odya chimanga cha olenji anachita bwinopo, makamaka mwa ana amene anayamba ali ndi retinol wotsikirapo. Ichi n'cholimbikitsa, koma chiyenera kutengedwa mosamala. Ndi zotsatira za kagulu kochotsedwa m'gulu lalikulu, ndipo kaguluko kanasankhidwa ndi muyezo womwe uja wa retinol umene uli ndi zofooka zake.

Chifukwa chimene magazi sanenera zonse

Mbali yaikulu ya vitamini A wa m'thupi imasungidwa m'chiwindi. Chiwindi chimatulutsira m'magazi mlingo wofunikira basi, ndipo chimasunga mlingo umenewo mosasinthasintha. Zili ngati nkhokwe ndi lichero la mayi wa pakhomo. Kaya nkhokwe ndi yodzaza kapena yafika pakati, mayi amatapa lichero limodzi lokwanira chakudya cha tsikulo. Mlendo woyang'ana lichero lokha sangadziwe ngati banjalo lakolola ngolo ziwiri kapena khumi. Lichero limayamba kuchepa pokhapokha nkhokwe itatsala pang'ono kutha. Momwemonso retinol wa m'magazi amatsika chiwindi chikayandikira kuuma, koma pamwamba pa pamenepo sakwera ngakhale nkhokwe ikuwonjezeka.

Choncho muyezo umenewu ndi wothandiza pofufuza ngati m'dera muli ana ambiri osoweratu vitamini A. Bungwe la World Health Organization limagwiritsa ntchito malire a µmol 0.70 pa lita pa ntchito imeneyo. Koma pofuna kudziwa ngati chakudya chawonjezera nkhokwe ya ana amene sanafike posoweratu, muyezowu ndi wogontha. Ku Mkushi ana ochepa okha ndiwo anayamba ali pansi pa malirewa. Chodzudzula chachikulu pa kafukufukuyu n'chakuti ntchito yaikulu chotero, ya ana ochuluka ndi miyezi yambiri yophika ndi kudyetsa, inaweruzidwa ndi muyezo umene unalibe mpata wokwanira wosuntha. Kuchuluka kwa ana sikukanakonza vutoli. Munthu akayeza matumba 1,000 pa sikelo imene muvi wake suyenda, sapeza china choposa chimene akanapeza pa matumba khumi.

Malungo amatsitsa muyezo ngakhale nkhokwe ili yodzaza

Vuto lachiwiri ndi matenda. Thupi likamalimbana ndi malungo, chibayo kapena kutsegula m'mimba, chiwindi chimachepetsa kutulutsa vitamini A, ndipo retinol wa m'magazi amatsika kwa kanthawi. Mwana wotero amaoneka ngati wosowa vitamini A pomwe nkhokwe yake ili bwino. N'chifukwa chake ofufuza amayezanso CRP ndi AGP, zizindikiro za m'magazi zosonyeza kuti thupi lili pankhondo ndi matenda. Ku Nyimba, ana amene CRP kapena AGP anali wokwera anali ndi retinol wotsika poyerekeza ndi anzawo. Kafukufuku wina amene anachitika m'boma lomwelo poyambirira, pa ana ang'onoang'ono, anasonyeza vuto lomweli: malungo ndi matenda ena anasokoneza miyezo ya m'magazi.

Kwa alangizi izi zili ndi tanthauzo lomveka. Malungo amayenda ndi nyengo. Kafukufuku akayamba m'chilimwe n'kutha m'dzinja, pamene udzudzu wachuluka, retinol atha kutsika m'magulu onse popanda chakudya kukhudzidwa. Maere amathandiza kuti vutoli ligwere magulu onse mofanana, koma salichotsa. Limakhalabe ngati fumbi pa galasi, lobisa kusiyana kumene kulipo.

Mmene cholakwa cha muyezo chimachepetsera zotsatira

Masamu otsatirawa ndi ongoyerekeza, sakuchokera ku kafukufuku aliyense, koma akuonetsa mmene vutoli limagwirira ntchito. Pakhale magulu awiri a ana 1,000 lililonse. M'gulu la chimanga choyera ana osowadi vitamini A ndi 200. M'gulu la chimanga cha olenji ndi 100. Ndiye kuti chimangacho chachepetsa vutoli ndi theka lenileni.

Tsono muyezo ukhale woti umagwira ana 80 pa 100 alionse osowadi, komanso umanamizira ana 15 pa 100 alionse amene ali bwino, mwina chifukwa cha malungo. M'gulu loyamba ugwira 160 mwa 200 aja, n'kunamizira 120 mwa 800 otsalawo, zonse pamodzi 280. M'gulu lachiwiri ugwira 80 mwa 100, n'kunamizira 135 mwa 900, zonse pamodzi 215. Lipoti lidzalemba kuti vuto latsika kuchoka pa 280 kufika pa 215, kumene ndi kutsika kwa pafupifupi 23 pa 100 alionse. Phindu limene linali theka laoneka ngati losafika ndi gawo limodzi la magawo anayi. Palibe wanama, palibe wasintha ziwerengero. Muyezo wokha wadya phindulo. Ana akanakhala ochepa, kusiyana kotsalako kukanatha kuoneka ngati kwangochitika mwamwayi, ndipo lipoti likanati palibe kusiyana.

Apa pali phunziro lofunika powerenga lipoti lililonse. Mawu akuti kusiyana sikunaoneke satanthauza kuti kusiyana kulibe. Cholakwa chomwazika, chogwera magulu onse mofanana, kawirikawiri chimakokera zotsatira ku kufanana. Koma pali cholakwa china choopsa kwambiri, chopendekera mbali imodzi. Ichi chimabwera pamene gulu lina layezedwa mosiyana ndi linzake: tsiku lina, ndi chipangizo china, kapena ndi munthu wodziwa gulu limene akufuna kuti lipambane. Cholakwa chotere chitha kupanga phindu pamene palibe. Nsima ya olenji siingabisike kwa mwana kapena kwa ophika, choncho chitetezo chenicheni n'chakuti oyeza magazi ndi maso asadziwe chimene mwana aliyense ankadya.

Muyezo wa ku Nyimba nawonso uli ndi pokayikitsa

Kungakhale kulakwa kutaya retinol wa m'magazi n'kulandira muyezo wa carbon-13 ngati wopanda banga. Kagwiridwe kake ka ntchito kamafanana ndi kuwerenga nyemba za m'thumba popanda kukhuthula. Munthu amathiramo nyemba zofiira 100 m'thumba la nyemba zoyera, n'kusakaniza bwino, n'kutapa pang'ono. Akapeza yofiira imodzi pa zoyera 500 zilizonse, adziwa kuti m'thumbamo muli zoyera pafupifupi 50,000. Mofananamo mwana amamwetsedwa vitamini A wa chizindikiro wodziwika mlingo wake, n'kudikira masabata awiri kuti asakanikirane ndi wa m'thupi, kenako n'kutengedwa magazi.

Yankho la nyemba lija limakhala loona ngati zofiira zonse 100 zinalowadi m'thumba, ngati zinasakanikirana mokwanira, ndiponso ngati palibe zinatayika. M'thupi la mwana zinthu zitatuzi sizioneka ndi maso. Zimayerekezedwa ndi manambala ochokera ku kafukufuku wina. Mwana wotsegula m'mimba kapena wa malungo sangalowetse ndi kusunga mlingo wofanana ndi mnzake wathanzi. Kuti apeze kuchuluka kwa vitamini A pa galamu ya chiwindi, ofufuza amayerekezanso kulemera kwa chiwindicho kuchokera ku kulemera kwa thupi. Sitepe iliyonse imawonjezera mpata wa cholakwa, ndipo kusintha kwa nkhokwe kumapezeka pochotsera muyezo woyamba pa womaliza, kotero kuti zolakwa za miyezo iwiri zimakumana.

Lipoti la ku Nyimba lenilenilo likusonyeza kumwazikaku. Powerengera kuti magawo 10.4 a beta-carotene wa m'chimanga amapereka gawo limodzi la retinol, ofufuza anagwiritsa ntchito ana a pakati okha, n'kusiya gawo limodzi la magawo asanu la pamwamba ndi lina la pansi. Ananena poyera kuti anatero, ndipo ayenera kuyamikiridwa pa chilungamo chimenecho. Komabe nambala ya 10.4 ikamatchulidwa payokha imaoneka yolimba kuposa mmene ilili.

Mawu akuti chimanga cha olenji chinafanana ndi vitamini A wa m'mafuta nawonso ndi ofunika kuwachepetsa mphamvu. Magulu a ana osafika 50 lililonse, oyezedwa ndi njira yomwazika chotere, akwanira kuonetsa kuti 84 ndi 98 zili kutali ndi 13. Sakwanira kutsimikiza kuti 84 ndi 98 n'chimodzimodzi. Mfundo yomwe ija imene ikuteteza chimanga ku lipoti la ku Mkushi ikugwiranso ntchito pano: kusaona kusiyana si umboni wa kufanana.

Chinanso n'chakuti ana a ku Nyimba sanali osowa vitamini A. Muyezo wa carbon-13 unasonyeza kuti asanayambe kudya, ana 59 pa 100 alionse anali kale ndi vitamini A wopitirira mlingo m'chiwindi. Izi zinadabwitsa ambiri, popeza kafukufuku wa dziko lonse la Zambia wa mu 2003, woyeza retinol wa m'magazi, anapeza kuti oposa theka la ana aang'ono anali pansi pa malire. Zambia inayamba kuika vitamini A mu shuga m'chaka cha 1998, ana osakwana zaka zisanu amalandira makapisozi, ndipo ku Nyimba mango ndi ochuluka. Motero kafukufukuyu akuonetsa kuti beta-carotene wa m'chimanga amasandukadi vitamini A ndi kusungidwa. Sakuonetsa kuti chimangachi chimachiritsa mwana wosoweratu, chifukwa ana otero sanapezeke pakati pa oyezedwawo.

Pamene muyezo ndi funso zagwirizana

Chitsanzo cha kuno ku Malawi chikuthandiza kuona mbali inayo. M'chaka cha 2019, m'dera la Mfumu Yaikulu Wimbe ku Kasungu, akatswiri a LUANAR pamodzi ndi a London School of Hygiene and Tropical Medicine ndi University of Nottingham anachita kafukufuku wotchedwa AHHA. Mabanja anapatsidwa ufa wa chimanga cholimidwa ndi feteleza wokhala ndi selenium, ena ufa wa chimanga cholimidwa popanda selenium. Amayi 180 ndi ana a sukulu 180 anayezedwa. Patatha masabata 8, selenium wa m'magazi a amayi odya ufa wowonjezeredwa anali atatsala pang'ono kuwirikiza kawiri, pamene wa anzawo sanasinthe.

Kafukufuku ameneyu anali wamng'ono ndi waufupi poyerekeza ndi wa ku Mkushi, koma yankho lake linamveka. Chifukwa chake n'chakuti selenium wa m'magazi amakwera ndi kutsika motsatira chimene munthu akudya, makamaka kwa anthu amene anali nacho chochepa. Komanso ufa wa mitundu iwiriyo unali wooneka mofanana, choncho odya ndi oyeza sankadziwa gulu la munthu. Ngakhale zili choncho, malire alipo: chimene chinatsimikizika ndi kukwera kwa selenium m'magazi, osati kuchepa kwa matenda.

Ziwerengero za dziko la Malawi ziyeneranso kuwerengedwa ndi diso lomweli. Kafukufuku wa michere wa mu 2001 anapeza ana aang'ono 59 pa 100 alionse ali osowa vitamini A. Wa mu 2009 anapeza 22, ndipo wa mu 2015 mpaka 2016 anapeza pafupifupi 4. Kutsikaku kuli ndi zifukwa zenizeni, monga makapisozi ndi kuika vitamini A mu shuga ndi m'mafuta ophikira. Koma njira zoyezera sizinali zofanana m'zaka zonsezi. Mlangizi amene akadagwiritsabe ntchito nambala ya 59 polimbikitsa chimanga cha olenji kapena mbatata yofiira m'kati akunena za muyezo wakale wa nthawi yakale.

Vuto lomweli lili m'minda ya kafukufuku

Alangizi ndi alimi otsogola amakumana ndi vutoli chaka chilichonse pa nthawi yokolola, ngakhale kuti salitchula dzina. Kagawo kokolola ka masikweya mita 10 kamachulukitsidwa ka 1,000 kuti kakwane hekitala. Sikelo ikalakwitsa ndi theka la kilogalamu pa kagawo kotere, lipoti lilakwitsa ndi makilogalamu 500 pa hekitala, amene ndi matumba 10 a makilogalamu 50. Kusiyana kwa mbewu ziwiri zabwino nthawi zambiri sikufika pamenepo.

Chinyezi chimachita chimodzimodzi. Makilogalamu 100 a chimanga cha chinyezi cha 20 pa 100 amatsala pafupifupi 91 chikauma kufika pa 12.5 pa 100. Mbewu yochedwa kucha ikakololedwa tsiku limodzi ndi yocha msanga, n'kuyezedwa popanda kuwerengera chinyezi, ipambana chifukwa cha madzi. Ichi ndi cholakwa chopendekera mbali imodzi, ndipo kubwereza m'minda 50 sikungachiwongole. Kungangochipatsa nkhope ya chilungamo.

Pa chimanga cha olenji pali msampha wina, wa mtundu. Kufiira kwa njere si muyezo wa vitamini A. Mtundu wa olenji umachokeranso ku zinthu zina, monga zeaxanthin, zimene thupi silisandutsa vitamini A. Cholinga cha opanga mbewu ndi mamaikulogalamu 15 pa galamu ya chimanga, ndipo mlingo umenewu umadziwika ku labotale basi. Ufa wa ku Mkushi unali wofika pa cholingacho, pamene mbewu zoyamba za mu 2012 zinali ndi pafupifupi theka lake. Komanso beta-carotene amachepa chimanga chikamakhalitsa pa kutentha, pa mpweya ndi pa kuwala, makamaka chikagayidwa. Chimanga chimene mlimi akudya mu Januwale si chofanana ndi chimene anakolola mu Meyi, ndipo zonse ziwiri zitha kusiyana ndi chimene ana a m'kafukufuku anadya.

Zimene mlangizi anganene mosaopa

Malipoti awiriwa akaikidwa pamodzi, pali zinthu zitatu zolimba. Beta-carotene wa m'chimanga cha olenji amalowa m'magazi a mwana, monga zinaonekera ku Mkushi. Amasanduka vitamini A ndi kuwonjezera nkhokwe ya thupi, monga zinaonekera ku Nyimba. Ndipo pali chizindikiro chakuti amathandiza maso a ana amene vitamini A wawo ndi wotsikirapo. Mlangizi anganene zimenezi pamaso pa aliyense.

Zimene sayenera kunena ndi izi: kuti chimangachi chimalowa m'malo mwa makapisozi a ku sikelo ya ana, kuti ndi mankhwala a mwana wodwala maso, kapena kuti chimachepetsa imfa za ana. Kafukufuku awiriwa sanayeze zimenezo. Sayeneranso kuvomereza mawu akuti chimangachi chinalephera ku Mkushi, popeza muyezo umene unapereka chigamulocho unalepheranso kuona vitamini A weniweni ku Nyimba.

Polandira lipoti lililonse, la zachipatala kapena la m'munda, mlangizi adzifunse mafunso anayi asanafike pa tebulo la zotsatira. Loyamba: chinayezedwa n'chiyani kwenikweni, ndipo kodi n'chimene mlimi akufuna kudziwa? Lachiwiri: kodi muyezowo ukanatha kusuntha phindu likanakhalapo, ndipo panali gulu lodziwika kale loonetsa kuti umasuntha? Lachitatu: kodi magulu onse anayezedwa tsiku limodzi, ndi chipangizo chimodzi, ndi munthu wosadziwa gulu? Lachinayi: kodi oyezedwawo, kaya ndi ana kapena minda, akufanana ndi a m'dera limene uthengawo ukupita?

Olemba malipoti a m'malo a kafukufuku nawonso ali ndi mbali yawo. Tebulo la zokolola lizinena kukula kwa kagawo kokololedwa, mtundu wa sikelo ndi tsiku limene inayesedwa ndi mwala wodziwika kulemera, chinyezi cha chimanga pa tsiku loyeza, ndi kumwazika kwa zotsatira pakati pa minda. Mlimi wotsogola wokhala ndi munda wa chitsanzo akolole magawo onse tsiku limodzi, ayeze pa sikelo imodzi, ndipo alembe nambala monga yaonekera, ngakhale itakhala yosakondweretsa. Nambala yopanda mbiri ya mmene inapezekera siyenera kusinthitsa mlimi mbewu.